Kagalu ka m'nyumba sikaleredwa ngati galu wa pakhomo

Ambirife tinakula ndi agalu, ndiye timadziona ngati za agalu timazidziwa. Kumudzi galu amagona pakhonde kapena pansi pa nkhokwe, amadya mkute ndi mafupa otsala, amatsagana ndi ana kudimba, akadwala amadya udzu n'kuchira kapena kufa, ndipo palibe amene amafunsa zambiri. Agalu amenewo ndi olimba chifukwa ofooka onse anatha kalekale. Amene anatsala ndi aja amene matupi awo anazolowera nkhupakupa, njala ndi dzuwa la mu Okutobala. Zinthu zimasokonekera munthu akatenga nzeru zomwezo n'kuyamba kulerera kagalu ka Maltese, Chihuahua, Jack Russell kapena tina tosakanizika tomwe tachuluka m'matauni mwathu masiku ano. Tambiri sitifika miyezi 4, pomwe eni ake si anthu ankhanza ayi. Amakhala atakakonda, atawononga ndalama zambiri pokagula, kungoti akukasamala mmene ankasamalira galu wa agogo awo.

Kwathu kuno ku Chilomoni tili nako kamodzi, kakakazi, dzina lake Thonje. Mayi ake ndi Maltese. Mwiniwake anatiuza kuti bambo akenso ndi Maltese, koma miyendo ya Thonje ndi yotalikirapo ndipo makutu ake amaimirira geti likangogunda, ndiye ine ndimakhulupirira kuti Jack Russell wina anadutsapo pamtunduwo. Tinakatenga kali ndi masabata 8, kakulemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ngati paketi ya shuga ya pagolosale. Amene mukuganiza zoweta kagalu kotere, kanyamuleni paketiyo m'manja muimve kupepuka kwake. Zonse zomwe ndilembe pano zikuchokera pa kupepuka kumeneko. Thupi lotero lilibe chosungira. Zomwe galu wamkulu amapirira kwa masiku atatu, kagaluka zimakagwetsa tsiku lisanathe.

Ndiyambe ndi kokatenga. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe tonse timawaona anyamata oima m'mphepete mwa msewu atatukula tiagalu m'mwamba, kulozetsa kwa oyendetsa galimoto. Timaoneka tokongola, ndipo mwana amene wakhala kumbuyo kwa galimoto akayamba kuchonderera, kholo limafewa mtima. Musagule. Tambiri timakhala titachotsedwa kwa mayi tili ndi masabata 4 kapena 5, takhala padzuwa kuyambira m'mawa opanda madzi, sitinalandirepo katemera, ndipo m'mimba mwadzaza njoka. Kamene akukuuzani kuti ndi ka Maltese mwina ndi kagalu wamba kaubweya wambiri komwe kadzakule kufika m'mawondo. Ena amagula chifukwa cha chisoni, amati ndikapulumutse. Chisonicho ndimachimvetsa, koma ndalama yanuyo ndi imene ichititse kuti mawa mnyamata uja abwere ndi tiwiri. Pitani pakhomo pomwe kanabadwira, mukaone mayi ake ndi maso anu: kodi ndi wonenepa bwino, kodi amalola mlendo kumuyandikira, kodi pogona pake ndi pouma? Funsani khadi la katemera lokhala ndi chidindo cha dokotala wa ziweto. Ndipo musakatenge kasanakwane masabata 8. M'masabata omalizirawa kamaphunzira kwa mayi ndi abale ake kuti kuluma kumapweteka, chifukwa kakaluma mnzake mwamphamvu mnzakeyo amalira n'kusiya kusewera. Phunziro limeneli munthu amavutika kuliphunzitsa. Kwa mitundu yaing'onoing'ono kwambiri monga Chihuahua, kudikira mpaka masabata 10 kapena 12 kuli bwino koposa. Amene simukulimbana ndi mtundu, mabungwe osamalira nyama a SPCA ku Lilongwe ndi ku Blantyre amakhala ndi agalu ofuna pakhomo.

Kagalu kasanafike, konzani anthu kaye. Ngati nyumba ndi yalendi, alandilodi amve kuchokera kwa inu, osati kwa aneba. Amene amakuthandizani ntchito pakhomo afunseni mwaulemu, chifukwa masana onse inu muli kuntchito amene atsale ndi kagaluko ndi iwowo. Ena analumidwapo ali ana ndipo amaopa galu aliyense, ena chipembedzo chawo sichiwalola kugwira galu, ndipo si bwino kuwaunjikira ntchito yomwe sanavomere. Kwathu amene anatsutsa kwambiri anali apongozi anga, omwe timakhala nawo. Atakaona koyamba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amake mwana, kameneka kangathamangitse wakuba? Galu wogona m'nyumba ine sindinamuonepo." Ndinawayankha kuti, "Amayi, kuthamangitsa sikangathe, koma kadzatidzutsa." Sanakhutire tsiku limenelo, ndipo sindinawakakamize. Chomwe tinagwirizana n'chakuti kuchipinda kwawo kasamalowe, ndipo lamulo limenelo likugwirabe ntchito mpaka lero.

Kenako konzani pakhomo. Gwadani pansi muyang'ane bwalo lanu kuchokera pa msinkhu wa kagaluko. Mpata wa pansi pa geti, womwe galu wamkulu sangalowetsepo ngakhale mutu, kagalu kamadutsapo mosavuta. Chimodzimodzi mabowo otulutsira madzi a mvula pansi pa mpanda. Poti madzi amavuta, pafupifupi khomo lililonse lili ndi ndowa ndi mabeseni odzaza, ndipo kagalu kakagweramo chamutu sikangatulukemo kokha, ndiye vundikirani. Mbaula yamoto isakhale pansi popanda munthu. Chimbudzi chokumba chizitsekedwa. Mawaya a chaja ndi a wailesi akwezedwe, chifukwa mano akayamba kuyabwa kamatafuna chilichonse. Mankhwala a makoswe, makamaka temiki uja wogulitsidwa m'timapepala pamsika, achoke pakhomo penipenipo. Kambewu kochepa chabe ka mankhwala amenewa kamapha galu wamkulu, ndiye ganizirani ka kilogalamu imodzi. Woyendetsa galimoto aliyense pakhomo azolowere kufunsa kuti kagalu kali kuti asanabwerere m'mbuyo. Ndipo ngati muli ndi agalu olondera omwe amamasulidwa usiku, Boerboel kapena German Shepherd, musawasiye okha ndi kagaluko ngakhale akuoneka kuti agwirizana. Galu wamkulu safunika kukwiya kuti akathyole msana. Dzanja limodzi posewera ndi lokwanira.

Usiku woyamba kadzalira, ndipo wachiwiri kadzaliranso. Kachoka pa mulu wa abale ake ofunda n'kupezeka kokha pamalo achilendo. Ife tinakaika m'katoni yayitali yokhala ndi bulangete lakale, pafupi ndi bedi, moti kakayamba kulira ndinkangotsitsa dzanja. Ngati n'kotheka pemphani kansalu komwe kanagonedwapo ndi mayi ake, fungo lake limakatonthoza. Ku Blantyre mu Juni ndi Julayi chiperoni chikabwera, simenti imazizira kwambiri, ndipo kagalu kakang'ono kamataya kutentha msanga chifukwa khungu ndi lalikulu poyerekeza ndi mnofu womwe lakuta. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu limathandiza. Kukagoneka panja pa msinkhu umenewu n'kukapha.

Tsopano nkhani ya kudya, yomwe ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ndi imene anthu saidziwa. Galu wa pakhomo amadya kamodzi patsiku, madzulo, anthu akamaliza. Kagalu kakang'ono sikangatero. Chiwindi chake n'chaching'ono ndipo chimasunga shuga wochepa, pomwe thupi limamutentha mofulumira. Kakakhala maola ambiri osadya, makamaka ngati kasewera kwambiri, kazizidwa kapena kakutsekula m'mimba, shuga wa m'magazi amatsika mwadzidzidzi. N'chifukwa chake kamayenera kudya kanayi patsiku mpaka miyezi 3 kapena 4, kenako katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri moyo wake wonse. Chakudya chomaliza chikhale pafupi ndi nthawi yogona kuti usiku usatalike.

Thonje zinamuchitikira tsiku lomwe analandira katemera wachiwiri. Pobwera kuchokera kwa dokotala anakana chakudya, zomwe zimachitika, ndipo anagona masana onse. Chakumadzulo mwana wanga wamkazi anandiitana: "Amama, bwerani mudzaone, Thonje akuyenda ngati waledzera." Ndinamupeza ataima pakati pa khitchini miyendo atatangadza, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono, maso ali gwa koma osandiona. Nditamunyamula thupi linali lozizira ndi lolobodoka, ndipo nditakweza mlomo nkhama zinali zotuwa m'malo mofiira. Dokotala anali atandichenjeza kale za zimenezi, ndiye ndinaviika chala mu uchi n'kumupaka m'nkhama, osamuthira chilichonse kukhosi chifukwa galu wofooka chonchi amatsamwa. Ndinamufungatira m'chitenje pachifuwa. Patangopita mphindi zochepa ananyambita chala changa, kenako anatukula mutu n'kuyang'ana mbale yake. Tinamupatsa kanyama ka nkhuku kophika n'kuimbira dokotala foni. Pakhomo pomwe pali kagalu kotere pazikhala uchi, kapena shuga woti musungunule m'timadzi tochepa, ndipo aliyense wotsala pakhomo adziwe pomwe uli ndi kagwiritsidwe kake. Uchiwo ndi wongodzutsira. Kakapanda kudzuka, kapena zikabwerezanso, thamangirani kwa dokotala chifukwa pangakhale matenda ena.

Nanga kazidya chiyani? Chakudya cha m'matumba chopangidwira tiagalu ta mitundu yaing'ono ndicho chosavuta, timibulu take n'tating'ono ndipo zonse zofunika m'thupi zilimo. Koma chambiri chimachokera kunja, makamaka ku South Africa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera moti ambiri anasiya. Chotonthoza n'chakuti kagalu kotere kamadya pang'ono, thumba limodzi limakhalitsa. Amene mukuphika nokha, dziwani kuti nsima yokha kapena phala la mgaiwa lokha silimanga mafupa. Kagalu koleredwa ndi nsima ndi msuzi kamapindika miyendo. Nyama yokhayokha nayonso siyokwanira chifukwa ili ndi kashiamu wochepa kwambiri, yemwe amamanga mafupa. Usipa kapena bonya wophikidwa ndi minga yake yomwe, wotsukidwa bwino kuti mchere ndi mchenga zichoke, n'kusinjidwa, amathandiza kwambiri, pamodzi ndi dzira lophika, mpunga kapena mgaiwa pang'ono, ndi maungu kapena karoti. Kambiranani ndi dokotala za muyezo wake. Ndiwo zathu za patebulo musakapatse. Pafupifupi zonse timathira anyezi, ndipo anyezi ndi adyo zimawononga maselo ofiira a m'magazi a galu, zikhale zaziwisi kapena zophika. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya matumbo. Chokoleti, mphesa ndi mtedza wa makadamiya, womwe timalima kwathu konkuno ku Thyolo, zonsezi ndi poizoni kwa galu. Mkaka wa ng'ombe, womwe aliyense amathamangira kupatsa kagalu, nthawi zambiri umangokatsekula m'mimba. Kakasiya kuyamwa kamangofunika madzi oyera. Ndipo mukamasintha chakudya, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa sabata yathunthu.

Chomwe chimapha tiagalu tambiri m'matauni mwathu ndi pavo. Anthu amati kanalodzedwa kapena aneba akathirira mankhwala, chifukwa dzulo kanali bwinobwino, lero kakusanza, mawa kakutsekula magazi onunkha kwambiri, mkuja kafa. Kachilombo koyambitsa pavo, kotchedwa parvovirus, kanadziwika m'chaka cha 1978 ndipo m'zaka zochepa kanafalikira dziko lonse lapansi. Kamawononga mkati mwa matumbo, ndipo chomwe chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi pamodzi ndi mabakiteriya olowa m'magazi. Kuopsa kwake n'kwakuti kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka pamalo amthunzi, ndipo kamabwera pakhomo ndi nsapato zanu zomwe. Sopo wamba sakapha. Chomwe chimakapha pa simenti ndi pa mbale ndi Jik wosungunula, gawo limodzi pa magawo 30 a madzi. Ngati pakhomo panu panafera kagalu ndi matenda amenewa, musabweretse kena kosamaliza katemera.

Katemera wake amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa pakatha masabata 3 kapena 4 aliwonse mpaka kagalu kakwanitse masabata 16. Anthu ambiri amabayitsa kamodzi n'kuganiza kuti zatha. Chifukwa chobwerezera n'chakuti chitetezo chomwe kanayamwa kwa mayi chimalimbana ndi katemerayo, ndipo palibe amene amadziwa tsiku lenileni lomwe chitetezocho chithere. Kubaya kangapo n'kofuna kuti jakisoni mmodzi apeze mpata. Jakisoni yemweyo amatetezanso ku distemper, matenda ogwira mapapo, m'mimba ndi ubongo, ndi matenda ena a chiwindi. Nthawi yonseyi kagalu kasaponde pamsewu, pamsika kapena pabwalo la mpira, ndipo kuchipatala cha ziweto kakhale pamiyendo panu, osati pansi. Samalaninso ndi anthu oyenda khomo ndi khomo ndi kachikwama, odzitcha madokotala. Katemera amafuna kuzizira kuchokera kofumira mpaka pobaya, ndipo ndi mmene magetsi amazimira kwathu kuno, botolo lomwe latentha m'chikwama tsiku lonse ndi madzi chabe. Mankhwala a njoka za m'mimba nawo amaperekedwa masabata awiri aliwonse mpaka masabata 12, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, ndipo muyezo wake umatengera kulemera. Sikelo ya kukhitchini imagwira ntchito imeneyi bwinobwino.

Za chiwewe sindinyengerera munthu. Ena amati kagalu kanga sikatuluka, katemera wa chiwewe ndi wa agalu oyendayenda. Geti limaiwalika lotsekula, ndipo galu wachiwewe amalowa paliponse. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lapansi, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atachitenga kwa galu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, palibe mankhwala. Kuno ku Blantyre madokotala a ku Queens anaona ana ambiri akufa ndi matenda amenewa, ndipo m'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito mumzindawu, n'kubaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Amene timakhala kuno timakumbukira mizere ya ana pa masukulu a pulayimale Loweruka ndi Lamlungu, wina atakoka galu ndi chingwe cha linya, wina atanyamula tiagalu m'beseni. Cholinga chimakhala kubaya agalu 7 mwa 10 alionse, chifukwa akafika pamenepo matendawa amasowa podutsa. Kagalu kanu n'kamodzi mwa chiwerengerocho. Katemerayu amaperekedwa pa masabata 12, ndipo kwathu kuno n'kwanzeru kubwereza chaka ndi chaka. Kagalu ka m'nyumba ndi komwe kamanyambita ana kumaso ndi kugona nawo pamkeka, choncho ndi koyamba kufunika katemera. Munthu akalumidwa ndi galu wosadziwika, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Nkhupakupa ndi utitiri zimayamwa magazi omwe kagalu kalibe ochuluka, ndipo nkhupakupa zimabweretsanso malungo a agalu aja otuwitsa nkhama ndi kufiiritsa mkodzo. Koma apa mankhwala amapha kuposa matenda. Dibi wa ng'ombe, yemwe anthu amasambitsira agalu a pakhomo mongoyerekeza muyezo, amatha kugwetsa kagalu nthawi yomweyo. Wambiri amakhala ndi amitraz, mankhwala omwe Chihuahua sayenera kuwakhudza n'komwe. Chimodzimodzi Panado ndi Brufen. Mayi wachifundo amaona kagalu kakubuula n'kuthyola theka la piritsi, osadziwa kuti akuwononga chiwindi ndi impso. Mankhwala aliwonse achokere kwa dokotala wa ziweto, atakayeza kulemera.

M'nyengo ya mvula mumabwera mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi la pamthunzi kapena pa nsalu yonunkha mkodzo, ndipo timphutsi tikaswa timaboola khungu. N'chifukwa chake makolo athu amasita chilichonse choyanikidwa panja, ndipo zofunda za kagalu zimafunikanso simbi. Thonje ndinamupeza nazo pamimba, titotupa titatu tolimba, kalikonse kali ndi kabowo pakati. Ukayang'anitsitsa kabowoko umaona kanthu kakuda kakusuntha, kulowa n'kutuluka, ndiko kupuma kwake. Ndinamata Vaseline pa mabowowo n'kudikira pang'ono. Mphutsi ikasowa mpweya imasuzumira, ndiye umafinya mofatsa kuchokera pansi ndi zala ziwiri mpaka ituluke yathunthu, yoyera, yonenepa, ikudzipinda. Osaiphulitsira mkati chifukwa bala limatukusira. Thonje ananjenjemera koma sanalire, ndipo yomaliza itatuluka anayamba kudzinyambita. Tinatsuka mabalawo ndi madzi a mchere, ndipo anapola msanga. Zikakhala zambiri, kapena zili pafupi ndi maso, musiyireni dokotala.

Kuphunzitsa kodzithandizira kumafuna kupirira basi. Chikhodzodzo n'chaching'ono, ndiye katulutseni kakangodzuka, kakangodya, kakangomaliza kusewera, ndiponso kamodzi pakati pa usiku m'masabata oyamba. Pitani nako pamalo amodzimodzi, ndipo kakachita kayamikireni pompo ndi mawu ndi kachakudya. Mwambo uja wokhutiza mphuno ya galu pa mkodzo wake umangophunzitsa kagalu kuti kazikabisala kuseri kwa sofa. Pomwe kalakwitsa tsukani mpaka fungo lithe, apo ayi kabwererapo.

Pali chinthu china chomwe eni tiagalu tating'ono timalakwitsa mbali inayo, ndicho kukasandutsa chidole. Kamangokhala m'manja, sikaponda pansi, kakauwa mlendo anthu amaseka, kakaluma mwana wa aneba amati kakusewera. Galu wamkulu ngati Rottweiler atachita zomwezo palibe amene angaseke. Tiagalu tambiri tolusa timalusa chifukwa cha mantha, ndipo manthawo amayamba poti sitinaone dziko pa nthawi yake. Kuyambira masabata 3 mpaka cha m'ma 14, ubongo wa kagalu umalandira chachilendo chilichonse mosavuta. Nthawi imeneyi ikadutsa, chachilendo chimasanduka choopsa. M'mera mpoyamba. Vuto n'lakuti nthawi yomweyi ndi imene kasanamalize katemera, ndiye njira yake n'kukanyamula. Ine Thonje ndinkamuika m'chikwama chotsekula pamwamba n'kukaima naye pa siteji, amve mahutala a minibasi ndi kulira kwa njinga zamoto za kabaza, aone abambo a zipewa, amayi osenza mitolo ya nkhuni, ana a yunifolomu. Alendo akabwera ndinkawapempha akhale pansi amupatse kachakudya. Alonda athu ndinawapempha kuti, "Achimwene, mukafika madzulo muzimuitana dzina asanakuoneni ndi chikhoti chachikulucho," ndipo mpaka lero amawalandira ndi mchira. Mabingu a mu Disembala ndi makombola a pa Khirisimasi ndi Nyuwere amaopsa agalu ambiri mpaka kuthawa pakhomo. Masiku amenewo kakhale m'nyumba, mawindo otseka, wailesi ikulira pang'ono.

Ana aphunzitseni lamulo limodzi losasintha: kagalu kamanyamulidwa munthu atakhala pansi. Mafupa a miyendo yakutsogolo ya mitundu imeneyi ndi opyapyala, amathyoka kakangodumpha kuchoka m'manja kapena pa sofa, ndipo amachedwa kulumikizana chifukwa magazi amafika ochepa kumapeto kwa fupalo. Poyenda nako gwiritsani ntchito lamba wa pachifuwa, osati wa m'khosi, chifukwa kholingo lake ndi lofewa ndipo likamakokedwa kamayamba chifuwa chosatha. Mukaona kakuyenda n'kutukula mwendo wakumbuyo masitepe awiri atatu kenako n'kuutsitsa, kaonetseni, kawirikawiri kamakhala kafupa ka pabondo komwe kakuchoka m'malo. Mano nawo ndi nkhani. Kagalu kamakhala ndi mano 28 a ubwana, omwe amagwa kuti pamere 42, koma m'kamwa mwa tiagalu tating'ono malo ndi ochepa, ndipo mano osongoka a ubwana nthawi zina amakanirira pambali pa atsopano. Pakatipo pamaunjikana zakudya n'kuyamba kuola. Kazolowetseni kutsukidwa mano kadakali kakang'ono, ndi mankhwala a agalu, osati athu. Za ubweya wa Maltese, amene muli ndi chisoso pabwalo muzule. Njere zake zikamata m'ubweyawo, ntchito yozichotsa ndi ya madzulo onse, ndipo zikasiyidwa ubweya umapotana mpaka kukoka khungu. Ife tinasankha kumangomumeta mwachidule.

Thonje tinamutseketsa, ndipo anthu ambiri anatidandaula. Amati mukanaberetsa, tiana take ndi ndalama. Tiagalu tating'ono timafika pa nyengo yofuna amphongo msanga, mwina pa miyezi 6, ndipo fungo lake limaitana agalu a dera lonse, omwe amakumba pansi pa mpanda kapena kulumpha kumene. Kagalu ka makilogalamu 3 kakakweredwa ndi galu wa makilogalamu 20, ana amakula kuposa njira, ndipo popanda opaleshoni yamsanga mayi ndi ana omwe amafa. Agalu oyendayenda amapatsirananso chotupa china cha kumaliseche chomwe chimafala pokwerana. Kutseketsa kumachotsanso chiopsezo cha mafinya a m'chiberekero, omwe amapha agalu aakazi ambiri akamakula. Dokotala anachotseratu dzino limodzi la ubwana lomwe linakanirira, poti anali atamugoneka kale. Ndipo kunena zoona, sindinafune kuti ana a Thonje adzapezeke atatukulidwa m'mwamba m'mphepete mwa msewu.

Ndikudziwa kuti ena akuwerenga akuti, dziko lomwe anthu akugona ndi njala, munthu n'kumasita bulangete la galu. Funso limeneli sindilipeputsa, ndipo abale anga enieni anandifunsapo. Yankho langa n'lakuti palibe amene amakakamizidwa kuweta kagalu kotere. Amene thumba silikulola katemera, chakudya ndi dokotala, asatenge, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Koma ukakatenga, wavomera kusamala chamoyo chomwe anthu anachipanga dala kukhala chaching'ono moti sichingadzisamale chokha. Galu wakumudzi ukamutaya amakasaka mbewa. Maltese ukamutaya amafa.

Muwerengerenso zaka. Tiagalu tating'ono timakhala moyo zaka 12 mpaka 15, tina kupitirira, kuposa agalu akuluakulu. Mwana amene akuchonderera lero ali Sitandade 4 adzakhala atamaliza sekondale kagaluko kadakali moyo, ndipo wotsala nako ndi inu. M'zaka zimenezo mudzasamuka nyumba, ndipo si alandilodi onse amene adzalole. Kudzagwa maliro kumudzi, uthenga n'kufika pakati pa usiku, banja lonse n'kunyamuka m'bandakucha kukakhala masiku angapo. Galu wa pakhomo mumangouza aneba kuti azimuponyera mkute. Kagalu aka kamafuna munthu amene kakumudziwa, wodziwa nthawi ya chakudya, pomwe pali uchi, ndi nambala ya dokotala. Munthu ameneyu mupezeni kagalu kasanabwere, ndipo azibwera kudzacheza kuti azolowerane. Kwathu ndi mng'ono wanga wa ku Ndirande. Ali ndi kiyi wa nyumba, khadi la katemera amadziwa pomwe limakhala, ndipo tikachoka amadzagona konkuno, chifukwa kwawo kuli agalu awiri akuluakulu omwe sitinawayesepo ndi Thonje.